Seva ya Mzee Hemedi

Mzee Hemedi anamwalira Lachinayi masana, akuchokera ku mzikiti pa njinga yawo kubwerera ku ofesi. Amene anaona akuti anatsika okha, n'kuyedzamiritsa njingayo pamtengo wa mango, n'kukhala pansi ngati munthu amene wangotopa. Pamene anthu amathamangira bajaji, kanjinga kamoto ka mawilo atatu, yoti iwatengere kuchipatala n'kuti atapita kale. Anawaika m'manda Lachisanu, swala, pemphero la ku mzikiti, itangotha.

Ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi zitatu pakampani yathu yotumiza khonje kunja, kuno ku Tanga. Za makompyuta tinkaona awirife basi, iwo ndi ine, m'kachipinda ka kumapeto kwenikweni kumene mabwana sankafika pokhapokha china chikawavuta. Pakona panali seva, chikompyuta chakuda chofika m'chiuno, chimene makalata onse a pakampani ankadutsamo, olowa ndi otuluka omwe. Mzee anachilumikiza okha ine ndisanalembedwe ntchito. Ankachipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndi kansalu kamene sankalola kuti munthu apukutire chinthu china.

Lolemba m'mawa Bwana Lyimo, manijala wathu, analowa ndi pepala m'manja.

"Mwajabu, pepa. Lamulo likuti munthu akachoka pantchito, akaunti yake ya imelo itsekedwe."

"Sanachoke pantchito, Bwana."

"Ndikudziwa. Koma fomu ndi yomweyi. Ya anthu omwalira tilibe."

Anaika pepalalo pa desiki ya Mzee, kenako atazindikira pamene aliika analichotsapo msanga n'kundipatsa m'manja. Ndinatseka akauntiyo iwo ataima pomwepo. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinasaina, iwo n'kutuluka mwakachetechete.

Lachitatu, isanakwane naini koloko, Bwana Lyimo analinso pakhomo. Ulendo uno nkhope sinali ya pamaliro.

"Kasitomala wathu wa ku Ulaya akuti mapepala a makontena sanalandire. Ndinatumiza dzulo madzulo, lero ndatumizanso kawiri. Akuti palibe chafika."

"Mwina zagwera m'bokosi la zinyalala. Auzeni ayang'anemo."

"Ayang'anamo. Ndipo si okha, a kudoko nawonso akudandaula. Sitima inyamuka Lachisanu. Mapepala akapanda kufika, makontena anayi atsala pano."

"Bwanji mutumize kaye pa imelo yanu ya panokha?"

"Ndawapempha, akana. Chaka chatha akuba anawanamiza ndi adiresi yabodza. Tsopano chilichonse chosachokera pa adiresi ya kampani sachitsegula n'komwe. Konza, Mwajabu."

Ndinayamba mmene Mzee anandiphunzitsira, kufufuza kaye pamene pavuta ndisanakhudze kanthu. Ndinadzitumizira kalata mkati mwa ofesi momwemo, inafika nthawi yomweyo. Ndinatenga foni yanga n'kutumiza kuchokera kunja kupita ku adiresi ya kuntchito, inafikanso. Kenako ndinatumiza kuchokera ku ofesi kupita pafoni. Kompyuta inati kalata yapita. Ndinadikira mphindi zisanu, khumi, foni ili zii. Apo ndinadziwa kuti zolowa zikulowa, zotuluka ndi zimene sizikutuluka.

Intaneti inalipo. Ndinagwada kuseri kwa seva n'kugwiragwira mawaya onse, anali olimba. Ndinaona ngati malo osungira zinthu adzaza, poti zinachitikapo chaka china pamene anthu ankatumizirana mavidiyo a ukwati wa dalaivala wathu, koma malo analipo ambiri. Ndinafufuzanso ngati dzina la kampani laikidwa pamndandanda wa otumiza makalata achinyengo, umene ukangolowapo aliyense amakutsekera chitseko. Sitinalipo.

Ndiye ndinatsegula pamzere, pamene makalata amadikirira asanatuluke. Panali makalata 312. Ndikuyang'ana chomwecho anakhala 313, kenako 315. Anthu m'maofesi ankangotumiza, mtima uli m'malo kuti zapita. Kalata yoyamba kukakamira inali ya Lachiwiri folo koloko madzulo.

Ndinazimitsa seva n'kuiyatsanso. Mzee akanakhalapo akanandiseka, chifukwa ankati kuzimitsa n'kuyatsa ndi mankhwala a anthu aulesi. Inadzuka, mafani ake n'kuyamba kulira monga mwa masiku onse, koma mzere sunasunthe.

Panatsala kaundula, mmene seva imalemba chilichonse chimene yachita ndi chimene yalephera. Kuwerenga kaundula inali ntchito ya Mzee. Ankavala magalasi awo a chingwe, mphuno pafupi ndi sikirini, n'kumatsata ndi chala ngati mwana wa ku madrasa. Sikirini ya seva inali pa desiki yawo, ndiye ndinakhala pampando wawo koyamba chimwalirireni. Unali utapendekera kumanzere, mmene ankakhalira, ndipo thupi langa nalo linangotsatira.

Mawu anali amodzimodzi, obwerezedwa kambirimbiri: takana, dzina ili taliimitsa. Akukana ndani? Dzina lake liti? Zinanditengera maola awiri kuti ndimvetse. Seva yathu sinkafikitsa yokha makalata kwa eni ake. Inkawapereka kaye ku kampani ina ya kunja, ngati mmene munthu umaperekera phukusi kwa kondakitala wa basi, ndipo kampaniyo ndi imene inkawafikitsa. Kuti alandiridwe, seva inkayenera kutchula dzina la mwini wake. Ndinatsegula faelo ya makonzedwe n'kulipeza dzinalo, m'zilembo zazing'ono: hemedi.

Mwezi umodzi m'mbuyomo, Lachisanu lina madzulo, Mzee anandiitana. "Binti, mwanangu, kokera mpando pano ndikuonetse njira imene makalata athu amayenda." Ine n'kuti nditanyamula kale chikwama, ndikuthamangira kwa telala kukatenga diresi ya paukwati wa msuweni wanga. Ndinati, "Lolemba, Mzee." Iwo anati, "Chabwino, Lolemba." Lolemba linabwera ndi zake ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso.

Ndinatsegulanso akaunti yawo ija. Pasanathe theka la ola, kalata inagwera m'bokosi lawo kuchokera ku kampani yakunjayo. Inkati akhala akulembera mwini dzina kuyambira Lolemba koma makalata awo akubwerera, choncho pofuna kumuteteza aimitsa kaye dzinalo mpaka atalowa patsamba lawo n'kutsimikiza kuti alipo. Ndinawerenga kawiri. Amene anatseka njira ndinali ine ndemwe, Lolemba lija, ndi fomu ija.

Pasiwedi ndinaipeza mu faelo momwemo. Ndinalowa patsambalo ndikuganiza kuti basi zatha. Tsamba linati: tatumiza nambala zisanu ndi imodzi pafoni yanu yothera ndi 47, zilembeni apa. Inali foni ya Mzee.

Ndinaimbira kampaniyo. Anayankha mayi wa mawu ofatsa, akumveka kutali. Ndinamuuza kuti mwini foniyo wamwalira. Anapepesa bwinobwino, kenako anati titumize kalata yodinda ya kampani ndi chiphaso cha imfa, ndipo tidikire masiku asanu ogwira ntchito. Ndinamuchonderera, anapepesanso ndi mawu omwewo.

Bwana Lyimo anamvetsera zonse ataimirira.

"Foniyo ili kuti?"

"Kwa Mama Salimu, akazi awo."

"Ndiye pita."

"Bwana, sabata sinathe n'komwe. Mayi aja ali mu eda, kubindikira kwa umasiye, sakutuluka m'nyumba. Ndikafike ine n'kunena kuti ndadzera foni?"

"Ine sindingalowe mmene akhala, ndine mwamuna. Iwe akakulandira." Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ukuganiza kuti zikundikomera? Hemedi ndinamupeza pano, ndi amene anandionetsa pokhala. Koma pita, mwanangu."

Ndinagula shuga ndi masamba a tiyi, n'kukwera bajaji ya ku Makorora, kunyumba kwa Mzee, laputopu ili pamiyendo. Dzuwa linali la thu koloko, lija lowotcha mpaka m'mapazi. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene, ndipo palibe amene ankamveka bwino.

Tenti ya pamaliro inali itachotsedwa, mikeka ataiunjika pakhonde. Mchemwali wawo wa Mama Salimu ananditsegulira n'kunditsogolera kuchipinda cha mkati. Mayiwo anali atakhala pamkeka, atafunda nsalu yoyera, miyendo atatambasula. M'masiku asanu ndi limodzi okha nkhope inali itachepa.

"Shikamoo, Mama," ndinawalonjera mwaulemu.

"Marahaba. Mwajabu? Lowa, khala pafupi pano, kumeneko kuli mphepo ya fani."

Ndinapereka shuga ndi tiyi uja. Ndinafunsa mmene akugonera, anati akugona mwa apo ndi apo. Ndinafunsa za Salimu, mwana wawo, anati wabwerera ku Dar Lolemba chifukwa kuntchito anamupatsa masiku atatu okha. Iwo anayang'ana chikwama chimene ndinali nditakumbatira.

"Sunadzere shuga yekha iwe. Chikwama chimenecho ndimachidziwa. Mkazi mnzanga wadwala?"

Sindinamve chimene akutanthauza.

"Seva," anatero. "Ndinkaitchula choncho. Tsiku la Idi, pilau ali pamoto, alendo akhala kale, foni n'kulira, bambo n'kuyamba kufunafuna nsapato. Ndinkati pitani kwa mkazi wanu wamng'ono, amene sakalamba, sayankha, sapempha chitenje." Anaseka pang'ono. "Nena, wadwala chiyani?"

Ndinafotokoza mwachidule, ndikuyang'ana pamkeka. Ndinanenanso kuti amene analakwitsa ndine, ndipo ngati sakufuna ndibwerera, tidikira masiku asanuwo.

"Ukabwerera, Lyimo akakudya wamoyo," anatero.

Anadzuka movutikira n'kutsegula kabati. Anatulutsa kofia ya Mzee, ija yoyera ya maluwa a buluu, ataigwira ngati mbale. Mkati munali magalasi a chingwe, wotchi, makiyi a ku ofesi ndi foni.

"Izi ndi zimene anandibweretsera anthu a pamsewu aja. Palibe chimene chinasowa, Mulungu awadalitse."

Batire inali itatheratu. Ndinatulutsa tchaja yanga n'kulumikiza pakhoma, pafupi ndi pamene anakhala. Panalibe chochita koma kudikira. Mchemwali wawo anabweretsa khofi m'timakapu ndi kashata, timaswiti ta kokonati, n'kutulukanso.

"Masana ankadya?" anafunsa Mama Salimu.

"Ankadya. Chinangwa chokazinga cha pageti, ndi tsabola wambiri."

"Ndinawaletsa tsabola." Anapukusa mutu. "Nanga ankakalipa?"

"Seva yokha ndi imene ankaikalipira. Ine ayi."

"Mutu sanadandaulepo?"

Ndinazengereza, ndipo anaona kuti ndazengereza.

"Nena zoona, mwanangu. Tsopano sizisintha kanthu."

"Sabata ziwiri zomalizazi ankamwa mapiritsi masana alionse. Ankati ndi magalasi, akufunika kusintha. Ndinawauza kuti apite kuchipatala, anati mwezi ukatha."

"Kuno sananene." Anatembenuza kakapu m'manja osamwa. "Ankafika akuseka, n'kufunsa kuti ndiwo n'chiyani."

Foni inathwanima. Ndinaiyatsa, ndipo inafunsa nambala yotsegulira.

"Apo ndiye pavuta," anatero Mama Salimu. "Salimu anayesa asanapite. Chaka chobadwa bambo ake, changa, chake, chaka cha ukwati wathu. Inakana zonse mpaka inatitsekera kwa ola lathunthu. Tinangoisiya."

Ndinafunafuna njira ina yonenera, koma panalibe.

"Ndimaidziwa, Mama."

Anandiyang'ana.

"Manja awo akakhala m'mawaya kapena akakwera pamakwerero, foni ikalira, ankandiuza kuti nditsegule ndiwawerengere. Anandiuza kalekale, chaka changa choyamba. Sanasinthepo, ngakhale atagula foni ina."

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ndagona nawo chipinda chimodzi," anatero. Sanakweze mawu, ndipo munalibe mkwiyo. Zikanakhala bwino akanakwiya. "Tsegula. Koma utchule mokweza, nane ndimve."

"Ziro, firii, ziro, sikisi."

Foni inatseguka. Mama Salimu anabwereza nambalazo chapansipansi, milomo yokha ikuyenda. Anabwerezanso. Kenako anaika kakapu pansi mosamala kwambiri, ngati kangasweke ndi mpweya.

"Pa 3 Juni," anatero.



"Iwe umandidziwa kuti Mama Salimu. Ndisanakhale Mama Salimu ndinali Mama Mwanaisha. Anakuuzapo?"

"Ayi, Mama."

"Sakanakuuza. Mwana wathu woyamba, wamkazi. Anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi, atayamba kumene kuyankhula zomveka. Malungo, masiku atatu okha. Tinamuika pa 3 Juni. Bambo ake atabwera kumanda anachotsa chithunzi chake pakhoma, n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanamutchulenso. Ndi kamodzi komwe. Chaka chilichonse tsikulo likafika ine ndimadzuka ndikulira, iwo amavala msanga, amati kuntchito kwavuta. Ndinkati munthu uyu mtima wake ndi mwala. Ndinawauzapo pamaso, kangapo konse. Ndinati munaiwala mwana wanu ngati nsapato yakutha. Anangondiyang'ana n'kutenga njinga."

Anakoka nsalu n'kuphimba kumaso. Poyamba sanatulutse mawu, mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Kenako kulira kunatuluka, kwa pansipansi, kotalika. Mchemwali wawo anasuzumira pakhomo, Mama Salimu n'kumukupiza ndi dzanja kuti abwerere. Ndinasendera pafupi n'kuwagwira mkono. Nambala imeneyo ndinali nditailemba ndi chala changa kosawerengeka, nthawi zina ndikutafuna chinangwa, nthawi zina ndikuseka, osadziwa chimene ndikugwira.

Ali mkati molira, foni inayamba kunjenjemera pamkeka. Mauthenga a masiku onse aja ankalowa motsatizana. Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Ndani amenewo? Ndiwerengere, maso anga sakuona tizilembo timeneto."

Ambiri anali a kampani ya mafoni, otsatsa mabandulo. Wina unali wa telala, wakuti mkanjo wawo watha akatenge. Unalipo wa munthu wosalembedwa dzina, wongoti pepani ndamva, ngati kuti mwini foni awerenga. Panalinso wina wa Lamlungu.

"Uwu ndi wa Kibwana wa ku Pangani. Akuti, 'Mdala iwe, wabisala chifukwa ndinakudya bawo katatu? Bwera Loweruka ndidzakumalize, nsomba ndigula ine.'"

"Kibwana sanamve," anatero Mama Salimu. "Mayo ine. Anakulira limodzi amenewa. Muyankhe."

"Ndilembe kuti chiyani?"

Anaganiza. "Ayi, usalembe. Akaona dzina la mnzake pafoni asangalala, kenako n'kuwerenga zimenezo. Angagwe. Ndimuuza Salimu amuimbire." Anapumira m'mwamba. "Chita zimene wadzera, mwanangu, dzuwa likupita."

Ndinatsegula laputopu pamkeka pomwepo, n'kuilumikiza ku intaneti ya pafoni yanga. Ndinalowanso patsamba lija n'kupempha nambala zatsopano. Foni ya Mzee inalira kamodzi. Ndinatambasula dzanja koma Mama Salimu anali ataitola kale. Anatenga magalasi a chingwe aja mu kofia n'kuvala. Anali aakulu pankhope pawo.

"Ndiwerenga ine," anatero.

Anawerenga imodziimodzi, pang'onopang'ono, ine ndikulemba. Tsamba linazungulira kanthawi, kenako linati zikomo, dzina lanu latsegulidwa.

Ndinalowa mu seva ndili komweko n'kuiuza kuti iyesenso kutumiza zonse zimene zili pamzere. Anali atafika 407. Kwa kanthawi nambalayo inangoima. Kenako inakhala 398, 371, 340.

"N'chiyani chikuchepacho?"

"Makalata, Mama. Akupita kwa eni ake."

Anasendera n'kuyang'anitsitsa, magalasi atawagwirizira ndi chala kuti asagwe. Tinaonerera limodzi mpaka inafika pa ziro.

"Ntchito yawo inali imeneyi?"

"Mbali ina inali imeneyi."

"Sanandionetsepo. Nanenso sindinafunsepo."

Foni yanga inalira. Anali Bwana Lyimo, mawu ali m'mwamba, akuti mapepala afika, kasitomala wayankha kale. Kenako anakumbukira kumene ndili, anatsitsa mawu n'kuti ndiwaperekere moni kwa mayi. Ndinapereka. Mama Salimu anangogwedeza mutu.

"Patsala chimodzi, Mama," ndinatero. "Ndichotse nambala ya foni ya Mzee patsambali ndiikepo yanga, kuti tisadzakuvutitseninso."

"Ndiye kuti sudzabweranso."

"Ndidzabwera, Mama."

"Chotsa."

Tsamba linatumizanso nambala zina zotsimikizira, ndipo anawerenganso okha. Nditamaliza ndinazula tchaja pakhoma, koma nditaona mmene akuyang'anira foniyo ndinaibwezera pomwepo. Ndinati ndili ndi ina kunyumba. Sanakane. Potsanzikana sanadzuke, anali akuyesa kutsegula foni okha, chala chili pa ziro.

Mawa lake ndinapangira seva dzina lakelake, losadalira munthu aliyense, ndipo ndinalemba njira yonse ya makalata m'buku, ndi mapasiwedi omwe, n'kukalipereka kwa Bwana Lyimo kuti alitsekere mu sefa. Kenako ndinatseka akaunti ya Mzee kachiwiri. Ulendo uno panalibe fomu, ndipo palibe chimene chinaima. Sitima inanyamuka Lachisanu ndi makontena onse anayi.

Ku Makorora ndinapitanso pa sadaka ya masiku makumi anayi. Kunali anthu ambiri, ndinangowagwira dzanja n'kukathandiza kutsuka mbale. Ndinapitanso kamodzi mwezi wotsatira, tinakhala ola limodzi, anandionetsa chithunzi cha Mwanaisha chimene anachipeza pansi pa sutikesi n'kuchibwezera pakhoma. Kanali kamwana konenepa masaya, katagwira supuni. Pambuyo pake ntchito inandichulukira. Kampani sinalembe munthu wina m'malo mwa Mzee, ndipo Loweruka lililonse ndinkati ndipita Loweruka linalo.

Nditapita, patapita miyezi inayi, pakhonde panali mayi wina wachilendo akuchapa, ana awiri akusewera pambali pake. Anati iwo ndi alendi, alowa mwezi watha. Mayi wa nyumbayi mwana wawo anadzawatenga eda itangotha, ali ku Dar. Anakandifunsira nambala ya Salimu kwa aneba, ndipo ndinaimba nditaima pamsewu pomwepo.

"Dada Mwajabu," anatero Salimu, kunditchula mlongo m'Chiswahili, "amakutchulanitu. Kunoko sanazolowere, nyumba ndi ya m'mwamba, masitepe amawavuta, ndiye amangokhala m'chipinda. Sayankhula kwambiri masiku ano."

"Ndingayankhule nawo?"

"Angogona kumene. Usiku sagona, ndiye akagona masana sitiwadzutsa. Ndiwauza kuti munaimba."

Ndinamuthokoza. Shuga ndi tiyi zimene ndinanyamula ndinapatsa mayi wochapa uja, amene analandira modabwa, manja ali thovu lokhalokha. Bajaji imene inandibweretsa inali itapita, ndiye ndinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu.